Chimene Chimachititsa Simenti ya Mano Kugwira Kapena Kumatuka pa Zirconia

Wokonza njinga aliyense amadziwa kuti chigamba sichigwira pa chubu chosalala. Amayamba wapala pamene pabookapo ndi sandipepala kapena kamwala kokhakhala, amapukutapo, ndiyeno amapaka guluu, ndipo akafika apa safuna kuti chala cha munthu chikhudzepo. Chigambacho chikamatuka njinga isanapite patali, guluu amangonamiziridwa, pomwe cholakwika chinali kapalidwe ndi kapukutidwe. Madokotala a mano akhala akulimbana ndi vuto lotereli kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene anayamba kuveka mano owonongeka zisoti zopangidwa ndi zirconia. Chigamba chawo chili ndi ntchito yovutirapo: chiyenera kukhala m'kamwa monyowa zaka khumi kapena kuposa, mwini wake akukukuta chimanga chokazinga, akumwa tiyi wotentha kenako madzi a m'firiji.

Zirconia, imene dzina lake lonse ndi zirconium dioxide, imachokera ku mchenga wolemera wokhala ndi timiyala ta zircon, ngati umene amakumba ku Richards Bay ku South Africa ndi ku Moma ku Mozambique. Akauyenga umatuluka ufa woyera, ndipo ufawo amaupsinja n'kukhala timidadada tofewa ngati choko. Makina oyendetsedwa ndi kompyuta amasema chisoti cha dzino, chimene madokotala amachitcha crown, kuchokera pa kamdadada kotere. Amachisema chokulirapo dala, chifukwa chikalowa m'ng'anjo ya madigiri pafupifupi 1,500 chimafota ndi 20 mpaka 25 peresenti. Chikatuluka m'ng'anjomo chimakhala cholimba kuposa zisoti zina zonse zoyera zimene madokotala ali nazo.

Kulimbako kuli ndi gwero lake, ndipo kukhudzana ndi nkhani ya kumata. Maatomu a mu zirconia amayalana m'njira zitatu kutengera kutentha. Pa kutentha kwa masiku onse amayalana m'njira yotchedwa monoclinic. Akapitirira madigiri 1,170 amasintha n'kukhala tetragonal, ndipo akapitirira 2,370 amakhala cubic. Zirconia yosasakaniza ndi kanthu ikamazizira kuchoka ku tetragonal kubwerera ku monoclinic imafufuma ndi 3 mpaka 5 peresenti, ndipo kufufumako kumaiphwanya yokha. N'chifukwa chake opanga amathiramo mankhwala otchedwa yttria pang'ono kuti tinjere ta zirconiayo tikhalebe tetragonal ngakhale titazizira. Tinjereti timakhala tongodikira chotikankha kuti tisinthe. Mng'alu ukayamba kulowa, tinjere ta kunsonga kwake timasanduka monoclinic, timafufuma, n'kuufinya mng'aluwo kuti usapitirire. Ron Garvie ndi anzake awiri a ku bungwe la CSIRO ku Australia anafotokoza zimenezi mu 1975 m'magazini ya Nature, ndipo anaifanizira zirconia ndi chitsulo. Mtundu wakale wa m'mano, wotchedwa 3Y-TZP, umathyoka pa mphamvu ya ma megapascal (muyezo wa kupanikiza) pafupifupi 1,000, pamene lithium disilicate, mnzake wotchuka pa mano a kutsogolo, amathyoka cha pa 400.

Zisoti monga za porcelain ndi za lithium disilicate zili ndi galasi mkati mwake, ndipo galasi ndi silica. Kuzimata n'kosavuta. Dokotala amapaka asidi wa hydrofluoric mkati mwa chisoti, masekondi 20 ngati ndi lithium disilicate, pafupifupi mphindi imodzi ngati ndi porcelain. Asidiyo amadya galasi n'kusiya timapanga tambirimbiri toti simenti ilowemo. Kenako amapaka silane, mankhwala a mbali ziwiri, ina yogwira silica, ina yogwira simenti ya resin, guluu wonga pulasitiki womatira chisoti ku dzino. Pa zirconia zonsezi zimangopita pachabe. Mulibe galasi loti asidi adye, choncho akatsukidwa amasiya pamalopo pali posalala ngati poyamba. Mulibenso silica yoti silane agwire. Kusowa galasi komwe kumailimbitsa zirconia n'komwenso kumaichititsa kukana guluu.

Asidi akalephera chimatsala n'kupala. Zirconia amaipala poiwombera ndi mchenga wa alumina wouluzidwa ndi mpweya kudzera pa kampope kakang'ono, njira imene m'malabu a mano amangoti sandblasting. Muyezo umene ambiri amatsatira ndi tinjere ta ma micron pafupifupi 50, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Mpweya umakhala wa pakati pa bar 1 ndi 2.5, kutanthauza wosaposa kwenikweni wa m'tayala la galimoto yaing'ono, ndipo kampope amakagwira motalikirana ndi chisoti ndi sentimita imodzi. Popeza zirconia yowombedwa ndi yosawombedwa zimaoneka zoyera chimodzimodzi, ena amayamba adetsa mkati mwa chisoti ndi cholembera cha inki. Inkiyo ikatha yonse amadziwa kuti mchenga wafika paliponse.

Ambiri amaganiza kuti cholinga cha mchengawu n'kukhakhalitsa basi. Ine ndimaona kuti kukhakhalitsa ndi gawo laling'ono la ntchito yake, chifukwa timaenje timene mchenga umasiya pa zirconia n'tosazama poyerekeza ndi mapanga amene asidi amakumba pa galasi. Ntchito yaikulu ndi kusenda. Chisoti chikamafika kwa dokotala chimakhala chadutsa m'makina, m'ng'anjo, m'manja mwa wochikonza ndi m'kabokosi, ndipo pamwamba pake pagwira kakhungu kosaoneka ka mafuta ndi fumbi. Mchenga umachotsa kakhunguko n'kuonetsa zirconia yatsopano, pamene dontho la mankhwala limayala bwino m'malo mokhala lozungulira. Ofufuza a pa yunivesite ya Kiel ku Germany anaonetsa mu 2009 kuti ngakhale mpweya wofooka wa theka la bar umapereka mgwiro wokhalitsa ukaphatikizidwa ndi pulayimala woyenera (mankhwala opaka pa zirconia simenti isanaikidwe), pamene zirconia yongopukutidwa popanda kuwombedwa inkamatuka yokha ikakhalitsa m'madzi.

Pa nkhani ya mphamvu ya mpweya panali mkangano wa zaka zambiri. Mu 1999 Tomaž Kosmač ndi anzake ku Ljubljana anapeza kuti kuwomba 3Y-TZP ndi mchenga kumaiwonjezera mphamvu. Chifukwa chake ndi chija chatchulidwa kale: tinjere ta pamwamba tikamenyedwa timasanduka monoclinic, timafufuma, ndipo pamwamba ponse pamakhala pofinyika, zimene zimatsekera ming'alu njira. Mu 2004 Yu Zhang, Brian Lawn ndi anzawo ku America anaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Mchenga umasiyanso timing'alu tosaoneka, ndipo chinthucho chikapanikizidwa mobwerezabwereza, monga zimakhalira potafuna, timing'aluto timakula n'kuchepetsa mphamvu. Onsewa ananena zoona. Chimene chimagamula ndi kuzama kwa timing'aluto poyerekeza ndi kukhuthala kwa gawo lofinyika, ndipo n'chifukwa chake mchenga waukulu wa ma micron oposa 100 pa mpweya wamphamvu, umene umagwira bwino pa zisoti zachitsulo, sauvomereza pa zirconia yopyapyala. Mantha a madokotala analinso ndi chifukwa china. Mu 2001 mitu ya mafupa oikirira yopangidwa ndi zirconia pafupifupi 400 imene anaika m'chiuno mwa odwala inasweka m'kanthawi kochepa, ndipo kunapezeka kuti chinyezi cha m'thupi chinali kusinthitsa tinjere ta pamwamba pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo aliyense wokhudza pamwamba pa zirconia amakhudzapo mosamala.

Zirconia ya masiku ano yawonjezera vuto lina. Mtundu wakale unali woyera mbuu ngati choko, wosakongola pa mano a kutsogolo. Kuti kuwala kuzidutsa ngati pa dzino lenileni, opanga anachulukitsa yttria n'kupanga mitundu yotchedwa 4Y ndi 5Y, momwe tinjere tambiri ndi ta cubic. Tinjere ta cubic sitisintha, ndiye sitifinya mng'alu. Zirconia ya 5Y ili ndi mphamvu pafupifupi theka la ya 3Y, ndipo mchenga ukaisiyira timing'alu palibe choibwezera mphamvu. Dokotala amene sakudziwa mtundu wa zirconia umene labu yamutumizira akhoza kuiwomba mofanana ndi yakale n'kuifooketsa asanaiveke n'komwe.

Kupala kokha sikukwanira, pamafunika mankhwala ogwira zirconia yeniyeniyo. Mankhwalawo anatulukira zirconia isanalowe m'kamwa. Mu 1981 kampani ya Kuraray ya ku Japan inapanga molekyu yotchedwa MDP, ndipo mu 1983 inaiika mu simenti yake ya Panavia, cholinga chili chomata zitsulo ku mano. MDP ili ngati kachingwe ka maatomu khumi a carbon. Kunsonga ina kuli phosphate, imene imagwira mwamphamvu pa zitsulo zosakanikirana ndi okosijeni, ndipo zirconia ndi chimodzi mwa zimenezo. Kunsonga inayo kuli methacrylate, imene imalukana ndi simenti ya resin pamene ikuuma. Kachingwe ka pakati kamakana madzi, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa madzi ndi amene amalowerera pakati pa simenti ndi chisoti n'kumamasula mgwiro pang'onopang'ono.

Amene anatsimikiza kuti MDP ndi yankho pa zirconia ndi Matthias Kern ndi mnzake Wegner, a ku Kiel komweko, mu 1998. Anamata zidutswa za zirconia m'njira zosiyanasiyana, zina n'kuziyeza patangopita masiku atatu, zina n'kuzisunga m'madzi masiku 150 akuziviika mosinthanasinthana m'madzi a madigiri 5 ndi a madigiri 55 maulendo 37,500. Pa masiku atatu njira zingapo zinkaoneka zabwino. Pa masiku 150 imene inatsala yolimba inali ya mchenga wa alumina wotsatiridwa ndi simenti yokhala ndi MDP. Apa pali chenjezo kwa aliyense wowerenga zotsatsa za simenti ya mano: chiwerengero cha mphamvu ya mgwiro choyezedwa tsiku lotsatira sichinena zambiri, popeza pafupifupi simenti iliyonse ya resin imagwira zirconia youma kwa tsiku limodzi. Mu 2016 Markus Blatz wa pa yunivesite ya Pennsylvania anafupikitsa ndondomekoyi m'zilembo zitatu, APC, zoimira mawu a Chingerezi a mchenga wouluzidwa ndi mpweya, pulayimala, ndi simenti ya resin, motsatana choncho.

Apa ndipo pagona nkhani imene imagwetsa ngakhale odziwa ntchito. Malo amene phosphate ya MDP imagwira pa zirconia ali ngati mipando ya m'minibasi, ndipo amene wayamba kulowa ndi amene amakhala. MDP si yokha yokhala ndi phosphate. Malovu alinso nayo, m'mapuloteni ndi m'mafuta ake. Chisoti chisanamatidwe, dokotala amayamba wachiyesa m'kamwa kuti aone ngati chikukhala bwino pa dzino, ngati sichikutalika, ngati mtundu wake ukufanana ndi mano oyandikana nacho. M'mphindi zochepa zimenezo malovu, nthawi zina ndi magazi a m'nkhama, amanyowetsa mkati mwa chisoti, ndipo phosphate yawo imakhala pamipando. Kutsuka ndi madzi sikuichotsa yonse. Mowa wa m'chipatala nawo umalephera. MDP ikadzabwera imapeza malo ambiri atatengedwa kale, ndipo imangokhala pamwamba pa kakhungu ka malovu. Labu ikhoza kuwomba chisoti bwinobwino ndi mchenga, dokotala n'kugula simenti yodula kwambiri, koma ngati kuyesa m'kamwa kwabwera pakati pa zinthu ziwirizi popanda kuyeretsanso, mgwiro umatsika kwambiri.

Msampha wachiwiri ndi woipirapo chifukwa umaoneka ngati ukhondo. Dokotala wa mano aliyense amakhala ndi asidi wa phosphoric pafupi, kawirikawiri wa 35 mpaka 37 peresenti, wooneka ngati phala la buluu. Kuyambira pamene Michael Buonocore anaonetsa mu 1955 ku Rochester, New York, kuti asidi ameneyu amakhakhalitsa enamel, chikutu cholimba cha kunja kwa dzino, wakhala chida cha tsiku ndi tsiku. Amayeretsanso bwino malovu pa zisoti zagalasi, ndiye dzanja limazolowera kumutenga. Pa zirconia, asidi wa phosphoric amachotsadi zina mwa zonyansa za malovu, koma iye mwini ndi phosphate yokhayokha, ndipo amakhala pamipando yomweyo imene MDP ikufuna. Asidi yemweyo ndi woyenera pa dzino koma ndi wolakwika mkati mwa chisoti, ngakhale kuti zinthu ziwirizi zikupita kukakumana m'mphindi zisanu zokha.

Njira yodalirika kwambiri yochotsera malovu ndi kuwombanso ndi mchenga chisoti chikatuluka m'kamwa, kapena kungodikira kuti kuwombako kuchitike kamodzi pambuyo poyesa. Zipatala zambiri zilibe makina ake pafupi ndi mpando wa wodwala, ndiye makampani anapanga zoyeretsera zapadera. Ya Ivoclean, yochokera ku kampani ya Ivoclar ku Liechtenstein, ili ndi nzeru yosangalatsa: ndi madzi a soda wamphamvu odzaza ndi tinjere ta zirconia. Akapakidwa mkati mwa chisoti kwa masekondi 20, phosphate ya malovu imapeza mipando yambirimbiri pa tinjere toyandamato kuposa pa chisoti, imasamukira kumeneko, ndipo imapita ndi madzi otsukira. Katana Cleaner ya Kuraray Noritake imagwiritsa ntchito mchere wa MDP womwewo ngati sopo. Ofufuza ena apezanso kuti sodium hypochlorite, mankhwala ofanana ndi jiki amene madokotala amatsukira mizu ya mano, imathandiza ikatsukidwa bwino pambuyo pake. Ikatsalira imasokoneza kuuma kwa resin.

Pali njira ina imene imazungulira vuto lonse posandutsa pamwamba pa zirconia kukhala ngati galasi. Mchenga wa alumina amaukuta ndi silica, monga wa CoJet wa ma micron 30 kapena wa Rocatec wa m'labu. Ukamenya zirconia umasiyapo silica, ndipo silane amapeza chogwira. Njirayi imagwira ntchito, makamaka ndi mapulayimala okhala ndi silane ndi MDP pamodzi, ngakhale kuti zirconia ndi yolimba moti silica ina imangokhala pamwamba osamatirira. Zina zimene zayesedwa, monga laser, plasma, asidi wotentha, ndi kuwotcherera kagalasi kopyapyala mkati mwa chisoti, zimatulutsa zotsatira zabwino m'malabu ena koma sizinazike mizu m'zipatala.

Komatu si chisoti chilichonse cha zirconia chimene chimafuna khama lonseli. Ngati chitsa cha dzino chimene dokotala wasema n'chotalika mokwanira, cha mamilimita anayi kapena kuposa, ndipo makoma ake ndi oima pafupifupi chilili, chisoti chimadzigwira chokha ngati chivundikiro cha chitini. Simenti wamba monga glass ionomer imangodzaza mpata, ndipo zirconia ya 3Y ndi yolimba mokwanira kuti isadalire guluu. Kumata kwenikweni kumafunika pamene chitsa n'chachifupi kapena chosongoka, pamene chisoti n'chopyapyala kapena n'cha 5Y, ndiponso pamene palibe chitsa n'komwe.

Chitsanzo cha popanda chitsa ndi dzino loikirira la phiko limodzi. Wachinyamata akataya dzino la kutsogolo pa ngozi, kapena akabadwa wopanda limodzi, dokotala akhoza kupanga dzino la zirconia lokhala ndi kaphiko kopyapyala kamene kamamatidwa kuseri kwa dzino loyandikana nalo. Dzino labwinolo silisemedwa kwambiri, ndipo chogwira chinthu chonsecho ndi simenti yokha. Palibe mayeso ovuta kuposa amenewa. Mu 2017 Kern ndi anzake anafalitsa zotsatira za mano otere 108 mwa odwala 87, onse omatidwa ndi simenti ya resin atawombedwa ndi mchenga wa alumina. Kwa zaka khumi, 98.2 peresenti anali akugwirabe ntchito. Asanu ndi limodzi anamatukapo, ndipo kumatuka kotere sikuwononga dzino, chifukwa phikolo limayeretsedwa n'kumatidwanso.

Mbali ya dzino ili ndi malamulo akenso. Enamel imapakidwa asidi wa phosphoric kwa masekondi pafupifupi 30 ndipo imagwira resin mwamphamvu. Mnofu wolimba wa mkati mwa dzino, wotchedwa dentine, ndi wonyowa ndipo umavuta kuposa enamel. Malovu ayenera kutsekeredwa kunja, makamaka ndi kansalu ka labala kamene amaboola kuti dzino lokha litulukire. Zotsalira za simenti yongoyembekezera ziyenera kuchoka zonse. Zirconia yokhuthala imatchinganso kuwala kwa tochi ya buluu imene imaumitsa resin, choncho simenti yake iyenera kukhala ya mtundu umene umauma wokha ngakhale kuwala kutapanda kufika mkati.

Chisoti chikagwa, chimanena chokha pamene panalakwika. Dokotala akachitembenuza n'kupeza mkati mwake muli mbee, simenti yonse itatsalira pa dzino, amadziwa kuti mgwiro wa ku zirconia ndi umene unalephera, ndipo amaganizira za mchenga, za malovu kapena za asidi uja. Akapeza simenti yonse ili m'chisoti, dzino lili lopanda kanthu, vuto linali kumbali ya dzino, mwina chinyezi kapena chitsa chachifupi. Pochibwezera, simenti yakale amaichotsa yonse, amawombanso mkati ndi mchenga, ndipo MDP amaipaka chisoti chisanakhudzenso malovu. Wodwala amene chisoti chake chagwa kunyumba angochitsuka ndi madzi, n'kuchisunga m'kabotolo kapena m'kapepala koyera, n'kupita nacho kwa dokotala mwamsanga, chifukwa mano oyandikana amayamba kusendera pa mpatawo ndipo pakapita milungu chisoticho chikhoza kukana kulowa. Guluu wa m'sitolo uja wa supagulu asamuyese, chifukwa amapweteka nkhama, amatsekera tizilombo pansi pa chisoti, ndipo amasiya kakhungu kena mkati mwa zirconia koti dokotala ayambe wachotsa asanachite china chilichonse.